Tsiku Limene Mlonda Wanga Anandikana Pamaso pa Apongozi

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba pa kitchen party iliyonse, ndipo chaka ndi chaka amaithira mchere wowonjezera. Ndiye ndati bola ndiikambe ndekha, manyazi angawa ndiwadye ndi dzanja langa. Sekani mmene mungathere, koma mukakumana nane mu Kafue musandiloze chala.

Inali nthawi ija makampani aboma atagulitsidwa, azibambo athu akukhala pakhonde masana onse, ndipo mnyamata aliyense wovala taye ankadzitcha consultant. Ine, Lazaro Phiri, ndinali ndi ntchito yeniyeni, kungoti inali yovuta kuifotokozera munthu wamkulu. Ndinkagwira m'kaofesi ka pamwamba pa shopu ya hardware, pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Lusaka. Antchito tinalipo awiri basi: ba Madam, eni kampani, ndi ine. Programmer ndinali ine, technician ine, wophika tiyi ine, wosesa inenso.

Tinkasamalira ma website atatu. Ina inali ya sukulu ya private, kumene makolo ankaonera ma results a ana awo. Ina ya ogulitsa mbewu ndi feteleza, ina ya kampani ya malole. Poyamba website iliyonse inkadzifunsira yokha dzina ndi password ya munthu. Chisokonezo chake! Chinthu chimodzi chikavuta, ine kuchikonza katatu.

Ndiye tsiku lina nzeru inandibwerera. Ndinatenga kompyuta yakale imene inkangodya fumbi pakona, ndinaipukuta, ndinaiika payokha pansi pa tebulo, ndi kuipatsa ntchito imodzi yokha: kufunsa kuti, "Ndiwe ndani?" Kuyambira pamenepo ukafika pa website ya sukulu, iyo sinkakufunsa kanthu. Inkangokutumiza kwa kompyuta yakale ija. Kumeneko ulemba dzina ndi password, ikakudziwa ikupatsa katiketi, ubwerera nako, website iona katiketi, ikutsegulira. Za feteleza chimodzimodzi, za malole chimodzimodzi. Kompyutayo ndinaitcha Mlonda.

Ndinkanyada nayo ngati mwana wanga woyamba. Kutchalitchi ndinafika poikambako pa nthawi ya maumboni. Anthu anati "Amen" osamva kanthu.

Mmodzi yekha amene ankamvetsera mpaka kumapeto anali Bupe. Tinkaimba limodzi mu praise team, iye alto, ine kukuwa. Ankaphunzitsa ana ang'onoang'ono ku Estates, ndiye kupirira anthu olankhula zosamveka anali atazolowera. Ndinamukonda mtsikana ameneyu, ndinamukonda moti ndikamuona akubwera ndinkaiwala password yanga yomwe.

Tinagwirizana za ukwati. Panatsala bambo ake, ba Mulenga.

Mukudziwa mwambo wake. Mnyamata sungangodzuka kukaima pamaso pa bambo a mtsikana ndi kutsegula pakamwa. Mawu onse amadzera mwa ba shibukombe, nkhoswe imene imakunyamulira mawu ndi kukubweretsera yankho. Ine ndinasankha ba Elder Zulu akutchalitchi kwathu, Mngoni wamawu ambiri, wogulitsa ma spare a njinga pamsika. Za ukwati ankazidziwa bwino. Kompyuta ankaitcha "TV ya makalata".

Ba Elder anapita kawiri kwa ba Mulenga ndi mbale zawo, zija zonyamulira ndalama yofunsira mkazi, ndipo ulendo wachiwiri anabwera akukanda m'mutu.

"Laza, mwana wanga, bakamba ati sibanakane, koma sibanavomere."

"Nanga bafuna chani, ba Elder?"

"Bafuna kuona na menso yawo kumene usebenzela. Ati nchito ya munthu siikambiwa, imaonewa."

Sindinawadzudzule ba Mulenga. Mwana wawo woyamba anakwatiwa ndi mnyamata wa briefcase, ndipo patapita miyezi itatu m'briefcase muja munapezeka nyuzipepala yakale ndi chipeso. Komanso iwo eni anali atalondera pageti ya factory ina ku Industrial Area zaka zambirimbiri, mpaka retrenchment inawapeza. Munthu wotere sungamuzembe pakhomo.

Tinapangana Lachinayi, 10 koloko m'mawa. Mwatsoka tsiku lomwelo ba Madam anali ndi meeting ku Lusaka. Ine mumtima ndinati zili bwino, ofesi yonse ikhala yanga, ndioneka ngati manager.

Ndinafika m'mamawa. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinapukuta screen ndi mpango wanga wam'thumba. Kenako satana wa matama anandinong'oneza: Laza, apongozi ako anali mlonda. Aonetse mlonda amene sagona, sadya chiphuphu, sadziwa m'bale. Ndinatsegula malamulo a Mlonda wanga, ndinafufuta tonse timizere topatula apa ndi apo, ndi kulemba mzere umodzi wamphamvu: aliyense, kulikonse kumene afuna kupita, ayambe waonetsa tiketi. Popanda kupatula!

Ndinayesa, zonse zinatseguka bwinobwino. Ndinadziombera m'manja ndekha. Chimene sindinaganizire n'chakuti ine ndinali kale ndi tiketi yanga ya m'mawa uja, ndiye mlonda ankangondigwadira.

10 koloko yeniyeni ndinamva mapazi pamasitepe. Ba Elder analowa poyamba, thukuta lili kamukamu. Pambuyo pawo ba Mulenga, wamtali, wowongoka ngati mlongoti, jekete yakale koma yositidwa bwino, nsapato zonyezimira moti ukanametera ndevu. Maso awo anayamba ayang'ana chitseko, loko, mawindo, kenako ine.

Ndinagwada, ndinaomba m'manja. Ndinawapatsa mpando wa ba Madam, wozungulira uja. Ba Elder ndinawapatsa wanga. Mipando inathera pomwepo, komanso mkamwini sangakhale mofanana msinkhu ndi apongozi. Choncho ndinakokera keyboard m'mphepete mwa tebulo ndi kugwada pansi, mutu wokha ukuonekera.

Ba Mulenga anatembenukira kwa ba Elder, ngakhale ine ndinali pafupi moti akanandiponda.

"Ba Zulu, mufunseni. Apa pamene agwada, ndiye pamene amasebenzela?"

Ba Elder anatembenukira kwa ine. "Bafunsa ati apa ndiye pamene usebenzela?"

"Muwauze ati ee, ba Elder. Koma masiku ena nimankhala pa mpando."

"Akamba ati ee mukwai. Ati ali na mpando wake wake mu company."

Ndinaona kuti mawu anga akadutsa mwa ba Elder amatuluka atanenepa, koma sindinadandaule. Ndinayamba kufotokoza za Mlonda. Ndinakamba za ma website atatu, za kompyuta ya pansi pa tebulo, za tiketi. Ndinakamba mphindi zisanu zathunthu, manja akuuluka. Ba Elder anamvetsera kukamwa kuli yasa, kenako anatembenuka.

"Akamba ati... ni nchito ikulu maningi."

"Ba Zulu," anatero ba Mulenga, "mwana wakamba mpaka mate yauma, imwe mwanibweretsela mawu yanayi. Yenangu mwadya panjira? Imwe ba kum'mawa, na mawu yonse mumadya monga mbeba!"

"Mbeba ni nyama, ba Mulenga. Imwe na kolwe wanu, nyani wamene mumadya, munkhale zii."

Anaseka onse awiri, chimbuya cha Mbemba ndi Mngoni, chibale chija chonyozana mwanthabwala. Ine ndinkafuna kuseka nawo koma mkamwini saseka, ndinangoyang'ana pansi. Mtima unakhala m'malo. Ndinati zinthu zikuyenda.

"Muwauze ati manje niwaonetsa," ndinatero. "Nizachoka, ninkhale monga mlendo. Ndiye nizagogoda, baone mwamene Mlonda amanizibira."

Ndinakweza chala m'mwamba kuti onse achione, ndi kudina logout. Tiketi yanga inafera pomwepo.

Ndinalemba adiresi ya website ya sukulu. Website inati: ulibe tiketi, pita kwa Mlonda. Mpaka apa zonse zinali bwino. Ndinadikira kuti kabokosi kolembamo dzina ndi password katuluke.

Sikanatuluke.

Screen inaphethira. Inaphethiranso. Adiresi pamwamba paja inkangosinthasintha, uku, uko, uku, uko, ngati munthu amene akumutumiza kuchoka pa window ina kupita pa ina ku boma. Kenako panatuluka mawu akuluakulu ofiira. Mawuwo ndinawalemba ndine ndekha miyezi ingapo m'mbuyomo, ndikuseka, poganizira akuba a pa internet:

YOU ARE NOT KNOWN HERE.

Pansi ku hardware wina ankadula chitsulo.

"Ba Elder, muwauze ati ni network chabe."

"Akamba ati ni... mphepo."

Ndinayesanso. YOU ARE NOT KNOWN HERE. Ndinayesa ya feteleza. YOU ARE NOT KNOWN HERE. Ya malole, imene sinandikanepo chibadwire. YOU ARE NOT KNOWN HERE! Thukuta linayamba kutsika m'khosi kulowa m'kolala. Mawondo anayamba kuwawa pasimenti paja.

Ba Mulenga anatulutsa magalasi m'thumba la jekete, anawapukuta, anawavala. Chizungu ankachiwerenga bwino, munthu wa ma gate pass zaka zonse zija. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atatha anavula magalasi.

Ba Elder anandiweramira, kunong'ona kwawo komveka mpaka pamsewu. "Laza, nikambe zoona. Uli sure usebenza kuno?"

"Ba Elder! Nine ninapanga ichi chinthu!"

"Manje ngati ndiwe unachipanga, chikukanira chani? Galu saluma mwine wake."

"Sichinanikane, sichinanifunse n'komwe! Nifuna chabe pa login, koma ikunibweza ku authentication, ndiye authentication ikunibweza futi, yaloopinga..."

Ba Elder anandiyang'ana ngati ndayamba malilime. Anatembenukira kwa ba Mulenga.

"Akamba ati... bamubweza."

"Sindinatero!" ndinakuwa, kenako ndinakumbukira kuti ndili pamaso pa apongozi, ndinaomba m'manja kupepesa. Ba Mulenga anangogwedeza mutu pang'ono, maso ali pansi.

Pomwepo foni ya patebulo inalira. Inali foni yakale ija, imene munthu akalankhula amamveka chipinda chonse. Ndinainyamula ndili chigwadire. Anali ba Madam, ndipo sanapereke moni.

"Phiri! Wachita chani? Ba headmaster banitumila foni, makolo bakangiwa kungena! Ba feteleza nabo bali pa line inangu! Wagwira chani?"

"Ba Madam, nili na balendo, nizakonza manje manje..."

"Usagwire chilichonse! Wamvela? Chotsa manja yako pa computer yanga! Tizakambisana nikabwela!"

Foni inadulidwa. Ndinaibwezera pamalo pake mwaulemu ngati dzira. Sindinayerekeze kutembenuka.

Ba Elder anaimirira. Ndinkaganiza kuti akufuna kunditeteza ndi mawu, koma iwo anavula jekete, anasanjika manja onse awiri pa screen, ndi kutseka maso.

"Atate! Mzimu wa retrenchment, mzimu wotseka zitseko za ana anu, tikuumanga! Tuluka mu TV iyi! Out! Fire!"

"Ba Elder, sibananichotse nchito!"

"Ndiye chikhulupiriro chimenecho, mwana wanga! Gwira pamenepo! Fire!"

Ndinafuna nthaka ing'ambike indimeze, indilavulire ku Chanyanya, ndikayambe moyo watsopano wogulitsa nsomba. M'maganizo Bupe ndinamuona akupita. Ndinaona ba Elder akubweza mbale, ndinadziona ndili kumbuyo kwa tchalitchi pa ukwati wake ndi munthu wina wa ntchito yooneka, mwina wa minibus. Ndipo chowawa kwambiri, sindikanatha kutembenuka ndi kuwauza apongozi ndi pakamwa panga kuti zonsezi n'zabodza. Njira yanga yokha yofikira kwa iwo inali itatseka maso, ikukalipira screen.

"Ba Zulu," anatero ba Mulenga motsitsa mawu. "Amen. Nkhalani pansi."

Ba Elder anakhala, akupuma wefuwefu.

Kenako ndinamva mpando wa ba Madam ukukwekwereka. Unaima pafupi nane. Dzanja lalikulu, louma, linatera paphewa langa.

"Mwana wandi. Niyang'ane."

Ba Elder anadzidzimuka. "Ba Mulenga, mwambo! Mawu yapite muli ine!"

"Mwambo uzatipeza kutsogolo. Iyi nkhani siifuna wa pakati."

Ndinakweza maso. Kanali koyamba kuwaona nkhope pafupi chonchi. Maso awo anali ofiira.

"Ine," anatero, "ninaimilira pa geti ija kuchokela Bupe akalibe kubadwa. Ma manager bonse, ma driver bonse, ninali kubaziba na maina ya bana bawo. Tsiku lina pa Monday nafika, yunifomu yosita, nsapato monga izi. Napeza pa geti pali ba security benangu, ba company ya private. Kamnyamata kagwira pepala. Kanifunsa ati, mudala, ndimwe bandani? Pa geti yanga! Nakauza zina. Kayang'ana pa pepala, kayang'ana futi. Ati simulipo."

Anayang'ana mawu ofiira aja pa screen.

"Sininauze munthu ku nyumba. Ma week yabili ninali kuvala yunifomu kuseni, nalaila bamake Bupe, nayenda kunkhala pansi pa mtengo ku station, kupenyelela sitima. Five koloko nabwela ku nyumba, ati nalema. Manyazi, mwana wandi. Manyazi yamapaya mwamuna kuchila njala."

Ba Elder anali atatulutsa mpango.

"Tsiku lina nili pa mtengo paja, naona kamwana ka yunifomu ya sukulu kabwela na kambale komanga pa nsalu. Bupe. Anali mu Grade Six. Bamake banamutuma ati peleka nshima kuli batate ku geti, baibala. Anayenda ku geti, banamuuza. Ananisakila town yonse mpaka anipeza. Anamasula nsalu, anisambika m'manja, ankhala pambali panga mpaka nasiliza kudya. Ndiye akuti, daddy, mailo nibwelese kuno kapena muzadyela ku nyumba?"

Anapukuta misozi pamenepo, ndipo ine misozi inali itayamba kale kugwera pa keyboard.

"Uyo ndiye mwana wamene ufuna kukwatila. Sazakusiya chifukwa cha pepala. Na ine sinizakukana chifukwa geti yakukana. Naona mwamene wasesela muno, naona mwamene ukondela nchito yako. Aba bakuchotsa, benangu bazakutenga. Koma usavale taye kuseni kunamiza mwana wanga. Ukamuuze lelo."

Abale anga, ndikuuzeni zoona. Satana yemwe uja anabweranso. Anati: Laza, khala chete! Mkazi wapatsidwa kale. Lira pang'ono, uwaperekeze, ukonze kompyuta, sabata yamawa ukanene kuti ba Madam akubwezera ntchito, ba Elder akaperekere umboni kutchalitchi. Aliyense akondwa!

Koma munthu anali atangonditsegulira chilonda chimene anachibisa zaka zonsezi, ndipo dzanja lake linali likadali paphewa panga. Sindikanatha.

"Batata," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwana wa nkhuku. "Sibananichotse nchito."

"Shani?"

"Nazikhomela neka panja. Mlonda uyu nine ninamupanga. Lelo kuseni namuuza ati asalole munthu aliyense kupita kulikonse alibe tiketi. Nenze nifuna... nenze nifuna mukondwele."

Dzanja lija linachoka paphewa pang'onopang'ono. Ba Elder anasiya mpango uli pamphuno. Kunja lole inadutsa, mawindo ananjenjemera, ndipo ine ndinalakalaka ikanandinyamula.

"Ndiye kuti," anatero ba Mulenga, "ine nalila mahala, pachabe?"

"Ee, batata. Pepani."

"Nkhani ya pa station, na bamake Bupe sibaiziba bwino. Naikamba pamenso pa uyu Mngoni, wamene mailo msika wonse uzaziba. Mahala?"

"Ine nili na chinsinsi cha mu ofesi ya eldership," anatero ba Elder mofooka.

"Imwe nkhalani zii, munali kuthira fire pa TV."

Ba Mulenga anandiyang'anitsitsa. Kenako anavalanso magalasi aja, anakokera mpando pafupi ndi tebulo.

"Nionetse uyu mlonda wako. Kamba na ine straight, aba ba Zulu bamataya katundu panjira. Munthu akabwela alibe tiketi, amayenda kuti?"

"Kuli Mlonda, batata."

"Kukatenga tiketi."

"Ee."

"Manje iwe wauza mlonda ati aliyense alibe tiketi asapite kulikonse."

"Ee, batata. Kulikonse."

"Na ku kanyumba ka mlonda kwamene?"

Ndinadzikanda m'mutu.

"Iwe mwana," anatero ba Mulenga, akugogoda tebulo ndi chala. "Kanyumba ka mlonda kamankhala pa geti, window yake iyang'ana panja! Munthu afika pa window alibe chilichonse, akamba zina, asaina mu buku, ndiye apatsiwa pass. Iwe watenga kanyumba, na buku, na mlonda wamene, wabaika mukati mwa fence, wakhoma geti. Manje munthu afuna pass kuti akatenge pass! Azangena bwanji? Na ndeke?"

Mayo ine! Zinali zomwezo ndendende. Timizere tija ndinafufuta m'mawa, kamodzi mwa ito n'kamene kankasiya tsamba la login lotseguka kwa aliyense. Ine wa diploma ya ku Lusaka, ndinatuluka thukuta theka la ola osaliona vuto, ndipo mdala amene sanagwirepo mouse analipeza ndi mafunso anayi.

"Ba Madam bakamba ati nisagwire chilichonse," ndinatero.

"Bakamba ati computer yawo. Uyu wa pansi pa tebulo si wako? Ngena!"

Ndinakwawira pansi pa tebulo ndi taye yanga, matako kwa apongozi, mwambo wonse utathera panja. Ndinalumikiza keyboard ndi screen kwa Mlonda mwiniwakeyo, pakuti pamenepo pokha ndi pamene sankafunsa tiketi. Ndinabwezera kamzere kamodzi: tsamba lofunsira dzina likhale lotseguka kwa aliyense. Mphindi ziwiri basi. Ndinatuluka ndi ukonde wa kangaude kumutu, ndinabwezera mawaya, ndinalemba adiresi ya sukulu.

Kabokosi kanatuluka, kofatsa ngati sikanalakwe kanthu. Ndinalemba dzina ndi password.

WELCOME, L. PHIRI.

"Hallelujah!" anakuwa ba Elder. "Pemphero siipita pachabe!"

Ba Mulenga anawerenga mawuwo kawiri. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Poyamba ndinkaganiza kuti ayambanso kulira, koma kunali kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, anaseka mpaka mpando wa ba Madam unawazungulitsa kuyang'ana kukhoma, ndipo misozi imene anapukuta ulendo uno sindikudziwa kuti inali ya ku station kapena ya ine.

Foni inaliranso. Ba Madam. "Phiri, yasebenza manje. Wachita chani?"

"Tinaitana consultant, ba Madam."

"Consultant? Wa ndani?"

"Wa security. Wa experience maningi."

Ba Mulenga anawongola jekete atamva zimenezo, ndipo ndinaona kuti zawakomera.

Kenako anaimirira, anakonza kolala, nkhope inabwerera mwakale ngati palibe chachitika. Ine ndinabwerera pamawondo. Sanandiyang'anenso. Anatembenukira kwa ba Elder, mwambo utabwerera pamalo pake.

"Ba Zulu, muuzeni mwana wanu. Nchito naiona, ni nchito ya zoona. Mutu ulimo, ngakhale nthawi zina umayenda ku leave. Koma chamene nakondwela, anali na mpata wonama, sananame."

"Bakamba ati..."

"Namvela, ba Elder," ndinanong'ona.

"Muuzeni futi ati mbale nazilandila. Mwana namupatsa."

Ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Ndinkafuna kulumpha, kuimba, kukumbatira Mlonda pansi pa tebulo. Ba Mulenga anafika pachitseko, anagwira loko, anaiyesa kawiri, kenako anatembenuka.

"Koma ba Zulu, chimozi chabe. Ichi musadye panjira, mumuuze chonse."

"Kambani mukwai."

"Makiyi ya nyumba azisunga Bupe."

Ndipo mpaka lero, abale anga, ine bambo wa ana atatu, amene makampani amandiitana kukawakonzera chitetezo cha makompyuta awo, ndikaweruka kuntchito ndimaima pakhomo panga ndi kugogoda.

Ukamamanga mpanda wolimba, yamba waona mbali imene waima.